Uthenga Womwe Unasochera kwa Akabaza

Thambani, Mwanza
9 Meyi 2022

Wokondedwa Kinsley,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre. Kuno amayi ali bwino, mwendo uja wasiya kutupa. Manachesi ayamba kupsa, a kumtsinje abereka mpaka nthambi kugunda pansi.

Usadabwe kuona kalata. Ndapatsira a Yakobe a pikapu chifukwa foni sindikufuna n'kuigwira komwe.

Pali nkhani imene sindinakuuzepo. Ukudziwa kuti ine ndi alamu ako a Saulos takhala zaka zambiri opanda mwana, ndipo ukudziwa zimene anthu akhala akunena za ine. Mwezi watha, tsiku lija tinagona kwako n'kukuuza kuti tabwera kudzaona mtengo wa malata, tinali titabwerera chipatala. Anatiyeza tonse awiri. Adokotala anati ine ndilibe vuto, vuto lili kwa iwo.  Atagona masiku awiri anabwerera kuntchito kwawo ku Moatize.

Ali kumeneko anagula simu ya ku Mozambique n'kulowanso pa Tamvani, pulogalamu yako ija yochezerana pa foni. Anandilembera mawu ochepa: "Ndafika, nambala yanga ndi iyi." Lachinayi m'mawa ndinapita kuseri kwa khola la mbuzi, ndinadina dzina lawo n'kujambula mawu. Ndinawauza kuti asadandaule, ine sindiuza munthu, anthu azingonenabe kuti chumba ndine, ndinazolowera. Ndinanenanso zina za pakati pa mwamuna ndi mkazi wake zomwe sindingalembere mlongo wanga. Kenako foni ndinakaisiya pa golosale kuti itchajidwe.

Masana ndikudutsa pa siteji, anyamata a kabaza onse anandiyang'ana. Kenako wina anati, "Mlamu, kodi a Saulos anagwa liti m'papaya?" Onse n'kuseka. Ine sindinamvetse. Mai Betty ogulitsa tomato ndiwo anandikokera kuseri kwa benchi yawo.

"Flossie, mawu ako ali pa gulu la akabaza. Bambo a kunyumba andiikira, ndamva ndekha."

Nditakatenga foni ndinapeza ndi zoona. Uthengawo uli pa gulu lija timaitanirapo njinga zonyamula manachesi, pa dzina la a Saulos palibe kanthu. M'gulumo muli anthu a msika wonse.

Kinsley, ine ndinadina dzina la amuna anga. Ndikulumbira pa manda a bambo. Chotsa mawu amenewo lero lomwe, ndipo undiuze chimene chachitika. Iwe ndi amene unapanga chinthuchi.

Ndine mlongo wako,
Flossie


Chilomoni, Blantyre
12 Meyi 2022

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira, ndipo mtima wandiwawa. Ine ndili bwino. Mawu aja ndawachotsa pa gulupo nditangomaliza kuwerenga. Amene angatsegule pano sapezapo kanthu.

Mwafunsa chimene chachitika, ndiye ndifotokoze mmene Tamvani imagwirira ntchito. Munthu akatumiza uthenga, supita pa foni ya mnzake mwachindunji. Umayamba wafika pa kompyuta yaikulu imene timaitcha seva, yomwe ili m'kachipinda ka ofesi yathu kuno. Seva imasunga uthengawo, n'kuona nambala ya amene akuyenera kulandira, n'kumupatsira. Munthu aliyense ndi gulu lililonse ali ndi nambala yake imene seva inawapatsa, yosiyana ndi nambala ya foni.

Pomwe ndinkayamba ndinkaganizira alimi a manachesi okha, kuti azimvana ndi ogula osawononga bandulo. Koma mwaona nokha mmene zafalikira: makwaya, akabaza, amalonda a pa boda, ngakhale aphunzitsi a pa Boma. Ine ndinasankha kuti tizisunga zonse, zolemba ndi zojambula mawu zomwe, kuti munthu akataya foni adzazipezenso. Mawu ojambula amadya malo kwambiri, moti seva inadzaza. Mwezi watha ndinawonjezera yachiwiri, ndipo sitinatseke ngakhale tsiku limodzi. Mnzanga Sarah, amene tikugwira naye ntchitoyi, angachitire umboni. Pano pali bungwe lina la alimi lomwe likufuna kuti makalabu ake onse a m'chigawo chino azigwiritsa Tamvani. Tikukambirana mwezi wamawa.

Ndanena zonsezi kuti muone kuti makina sasankha okha kopita. Amapereka ku nambala imene yadinidwa. Ndaganiza kwambiri, ndipo ndikuona kuti mwina chala chinaterereka. Dzina la alamu ndi dzina la gulu la Siteji ya Thambani onse amayamba ndi S, ndiye pa foni amakhala moyandikana. Munthu ali ndi chisoni, misozi m'maso, n'zosavuta kuphonya. Zimachitikira aliyense, musadzizunze nazo.

Alamu ndi munthu womva zinthu. Muwafotokozere bwinobwino, mtima ukatsika adzamvetsa. Anthu a pamsika nawo apeza nkhani ina posachedwa.

Mupereke moni kwa amayi. A Yakobe akamabwera munditumizireko manachesi, kuno akudula.

Ndine,
Kinsley


Thambani
30 Meyi 2022

Kinsley,

Moni. Manachesi ndatumiza m'thumba la fetereza, a pansiwo ndi osapsetsa kuti ukhale nawo nthawi.

Kalata yako ndinaiwerenga mobwereza. Poyamba ndinakana. Ndikatsinzina ndimaona chala changa chili pa dzina lawo ndi kachithunzi kawo kaja avala ovolosi. Koma iwe ndiwe unapita kusukulu ya zimenezi, ine ndinalekeza fomu 2. Pano sindikudziwanso chimene ndinaona. Ndikamatsuka mbale ndimangoyang'ana chalachi.

Ndinalembera a Saulos kudzera kwa dalaivala wa thiraki ya ku Tete. Ndinawauza monga unanenera, kuti ndinalakwitsa kudina, andikhululukire. Sanayankhe. Ndikaimba amadula.

Lamlungu kunabwera mlongo wawo, a Eleanor. Sanakhale ndi pamkeka pomwe. Anaima pakhonde n'kunena kuti, "Unafuna kudziyeretsa pamaso pa anthu. Bwanji sunangoimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza?" Ndinati ndinalakwitsa kudina. Iwo anati, "Zaka zonsezi sunalakwitsepo, ukalakwitse tsiku limeneli?"  Ndikanakhala iwo, inenso ndikanafunsa chomwecho.

Koma a Eleanor ndi abwino. Ovuta ndi azimayi aja ankandinena. Pano akubwera mmodzimmodzi, wina ndi kambale ka mtedza, wina ndi nkhwani. "Pepa mwana iwe, tinkakunena pachabe." Wina mpaka anandinong'oneza kuti ndikadali mtsikana, ndisataye nthawi. Kinsley, pomwe ankanditcha chumba ndinkayenda mutu uli m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa kuti kunyumba kuli munthu wanga. Pano akundimvera chisoni ndipo ndikulephera kutuluka. Kumsika ndinasiya. Manachesi akundigulitsira mai Betty, ena akungoolera pansi.

Ndili ndi funso limodzi. Mtsikana wa kwaya ya kwathu akuti pa gulu lawo panabwera uthenga wa bambo wina wa ku Zobue, wosadziwika kwa aliyense, akufunsa mkazi wake ngati mbuzi yaswa. Anangoseka n'kuiwala. Kodi nayenso chala chinaterereka? Iyeyo si wa kwayayo, ndiye dzina la kwaya likanapezeka bwanji pa foni yake? Sindikukutsutsa, ndikungofunsa. Tayang'ananso m'makina mwakomo.

Flossie


Kwa Nthache
19 Juni 2022

Mphwanga Kinsley,

Ndine malume ako Langton. Tili moyo kuno, kaya iwe kumeneko. Sindilembalemba makalata, koma foni yako ikumangoitana osayankhidwa, ndipo mlongo wako akuti kalata yake ya mwezi watha sunaibweze.

Dzana kunabwera a Laston, ankhoswe a kuchimuna. Akuti a Saulos awatuma kuti adzatenge makina awo owotcherera zitsulo ndi zovala zomwe zatsala m'nyumba. Ukudziwa tanthauzo lake mkamwini akayamba kututa zida. Ine ndawapempha kuti adikire kaye tikhale pansi, ndipo tagwirizana kukumana sabata yachiwiri ya Julayi. Mwini wakeyo akuti sabwera, sangaponde pa Thambani.

Mlandu uli pa mawu amodzi. A kuchimuna akuti Flossie anachita dala. Flossie akuti analakwitsa, koma akamanena amayang'ana pansi, ndiye ngakhale ine nkhoswe wake ndikuvutika kumuimira. Akuti iwe ndi amene unamuuza kuti analakwitsa. Ngati zili choncho, lemba pa pepala m'Chichewa chomveka kuti munthu amatha kuphonya, ndikawerenge pa zokambiranazo. Ngati pali china chimene makina akowo akudziwa, nenanso.

Amayi ako akuti wakhala chete chifukwa mlongo wako wakuchititsa manyazi, waipitsa dzina la ntchito yako nthawi imene azungu a bungwe akufuna kukutenga. Auza Flossie kuti asakuvutitsenso. Flossie wavomera, akuti akupepesa ukabwera. Ine zimenezo sizinandikomere. Dzina la ntchito silingapose mlongo wobadwa naye bere limodzi. Mwanayo waonda, ukamuona sungamuzindikire msanga.

Yankha kalatayi.

Malume ako,
Langton


Chilomoni
23 Juni 2022

Achemwali,

Kalatayi ndaiyamba n'kung'amba kangapo. Sindifunsa za moyo wanu, amalume andiuza. Akuti mukufuna kundipepesa. Musatero.

Inu munadina dzina la alamu. Chala chanu sichinaterereke.

Seva yoyamba itadzaza, Sarah anati titseke Tamvani kwa masiku angapo, tisinthe kaperekedwe ka manambala kuti pasadzapezeke anthu awiri a nambala imodzi, kenako tilumikize seva yachiwiri. Ine ndinakana. Inali nthawi yoti manachesi ayamba, ndipo ndinali nditauza kale a bungwe aja kuti Tamvani siinazimepo. Ndinatenga njira yachidule. Anthu akale ndinawasiya pa seva yakale, atsopano onse ndinawaika pa yachiwiri. Ndinaiuza yachiwiriyo kuti iyambire kuwerenga manambala patsogolo, koma magetsi atazima tsiku lina n'kuyakanso, inayambiranso pa chiyambi. Alamu atalowa ndi simu ya ku Mozambique anapatsidwa nambala imene pa seva yakale ndi ya gulu la akabaza. Inu muli pa seva yakale. Mutadina dzina lawo, seva yanu inayang'ana nambalayo, inaona kuti ikuidziwa, n'kupereka kwa akabaza. Foni yanu inangoika uthengawo pamene seva inaiuza.

Chimene chikundilemera ndi ichi. Tsiku lomwe kalata yanu yoyamba inafika, ndinali nditamva kale madandaulo a anthu ena oti mauthenga akusochera, ndipo ndinkawayankha kuti ndi netiweki. Nditawerenga za inu ndinakayikira. Ndinayang'ana nambala ya alamu, n'kuyamba kutsegula ya gulu lija, koma ndinatseka kompyuta ndisanaione. Ndinatenga pepala n'kukulemberani za chilembo cha S. Sindinaname ndikudziwa, koma ndinasamala kuti ndisadziwe. Kalata yanu yachiwiri, ya bambo wa ku Zobue, ndinaibisa m'chikwama. Sarah ndiye anapeza vutoli payekha sabata yatha, akufufuza dandaulo la mphunzitsi wina. Anaika manambala awiriwo pambalipambali n'kundiitana.

"Uyu Saulos si mlamu wako?"

Ndinati ndi yemweyo.

"Achemwali ako unawauza chiyani?"

Nditamuuza, anatenga chikwama chake n'kutuluka. Wabwerera kuntchito dzulo, koma akungondiyankhula za makina zokha.

Pali choipa china. Seva imalemba dzina limene munthu aliyense wadina pa foni yake. Zolemba zimenezo zikanakuchitirani umboni. Koma malo atayamba kuchepa ndinaziika zoti zizifufutika tsiku lililonse. Ndinasunga nyimbo za makwaya ndi moni wa m'mawa wa anthu, n'kutaya chinthu chokhacho chimene mukuchifuna pano. Chatsala ndi manambala awiri ofanana ndi mawu anga, ndipo mawu anga mwaona mmene alili.

Ndalemberanso amalume. Pa zokambirana ndibwera ndekha.

Kinsley


Thambani
28 Juni 2022

Achimwene,

Kalata yanu yafika. Ndaiwerenga kamodzi, yakwanira.

Ine ndinapepesa amuna anga pa chinthu chomwe sindinachite. Ndinagwada pamaso pa a Eleanor. Mwezi wathunthu ndakhala ndikudziona ngati wamisala, kukayikira maso anga omwe. Nthawi yonseyo inu mukudya manachesi anga.

Amayi ndawawerengera. Anangotenga khasu n'kupita kudimba dzuwa lili pamutu.

Mukabwera mukafikire kwa amalume. Ndipo zokambirana za ankhoswe sizikwanira. Ankhoswe sanandiseke. Amene anandiseka ali pa siteji.

Flossie


Mwanza Boma
11 Julayi 2022

Alamu,

Ndikukulemberani ndikudikira minibasi yobwerera ku Blantyre. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda ku Moatize. Ndine Kinsley. Mwina mung'amba musanawerenge, koma ndiyesebe.

Achemwali sanakuchiteni chipongwe. Uthenga uja anatumiza kwa inu, makina anga ndiwo anaupereka kwa akabaza, chifukwa ndinakupatsani nambala yofanana ndi ya gulu lawo. Atandifunsa ndinawanamiza kuti analakwitsa okha, n'chifukwa chake anakulemberani zopepesa. A Laston ndawaonetsa manambala awiriwo pa kompyuta. Anayang'anitsitsa n'kunena kuti iwo zimenezi sazitsata, koma sanaonepo munthu akuyenda ulendo kudzadzinenera mlandu wabodza. Zida zanu azisiya kaye m'nyumba.

Tsiku la msika ndinakaima pa siteji. Ndinawapempha anyamata aja kuti andimvere, ena anatsamira njinga zawo, azimayi a tomato nawo anasendera. Ndinafotokoza za ma seva awiri. Ndikuona kuti ambiri sanamve, koma anamva kuti wolakwa ndine ndipo kuti ndinanamizira mlongo wanga. Wina anafunsa ngati mauthenga ake a kwa chibwenzi nawo anapita kwa mkazi wake, anthu n'kuseka. Ndinayamba kuganiza kuti zatha bwino.

Kenako mnyamata wina wa chipewa chofiira anati, "Ndiye kuti nkhani ya a Saulos ija ndi yabodza?"

 Ndikanati ndi yabodza, bwenzi nditabwezera achemwali dzina lija la chumba. Ndikanati ndi yoona, bwenzi nditakuvulaninso kachiwiri ndi pakamwa panga. Ndinangoti, "Imeneyo si nkhani yanu, ndipo sinali yanga." Anayang'anana n'kumwetulira. Pamenepo ndinazindikira kuti ndingathe kuchapa dzina la achemwali, koma chimene ndakulandani inu sindingachibweze.

Tamvani tinaitseka sabata yathunthu. Sarah wasintha manambala onse, pano ndi aatali ndipo sangafanane ngakhale titakhala ndi ma seva khumi. Tagwirizananso kuti mawu ojambula tisamawasunge. Akangofika kwa mwini wake azifufutika pa seva. Munthu akataya foni, wataya. Ndinkaganiza kuti kusunga zonse ndi kuthandiza anthu, osaona kuti ndaunjika zinsinsi za boma lonse m'kachipinda kamodzi ndili ndi loko wa pa sitolo. A bungwe aja ndinawauza zonse, ati ayamba aonera kaye.

Sindikupemphani kuti mundikhululukire. Ndikupemphani kuti mkwiyo muuchotse pa achemwali muubweretse kuno, ndi kwake.

Mlamu wanu,
Kinsley


Moatize
24 Julayi 2022

Alamu,

Moni. Kalata yanu anandipatsa dalaivala pa ofisina, ku galaja kuno, ndinaiwerenga nditakhala pa tayala. Ine kulemba sindidziwa kwenikweni, mupirira.

Za manambala zanuzo sindinamve. Koma ndikuuzeni zoona. Ine ndinkadziwa kuti Flossie sangachite dala. Mkazi amene anapirira mlongo wanga akumutukwana pa maliro a bambo anu, iye n'kungopitiriza kugawa madzi, sangakanene za ine kwa akabaza. Ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba. Kungoti kukwiya kunali kosavuta. Munthu wokwiya amadzuka n'kupita kuntchito. Ndikasiya kukwiya ndimangoona siteji ija, ine ndikutsika pikapu, onse akundiyang'ana m'munsi mwa lamba.

Kuno kuli a kwathu ambiri, nkhani inafika tsiku lomwelo. Sanena pamaso panga. Amangosiya kuyankhula za ana awo ndikalowa, ndiye imeneyo imapweteka kuposa.

Inu ndakukwiyirani, musaganize kuti ayi. Bodza lija ndilo landipweteka, osati makina. Makina ngakhale kuno amaduka.

Ndili ndi pempho. Mawu aja anamva akabaza, anamva azimayi a tomato, anamva mlongo wanga, akuti mpaka abusa. Ine sindinawamve. Aliyense amangondiuza kachidutswa kamene kanamuseketsa. Mnzanga wina anafuna kundiikira, akuti alipo amene anajambula pa foni ina, ndinamukaniza. Sindingakapemphe mawu a mkazi wanga kwa wakabaza. Mwati kale munkasunga zonse. Ngati akadalipo m'makina mwanumo, munditumizire pa nambala yanga, muonetsetse kuti ndi yanga.

Flossie musamuuze kuti ndapempha.

Saulos


Chilomoni
28 Julayi 2022

Alamu,

Moni, zikomo poyankha. Mawu aja kulibe. Tsiku lomwe ndinawachotsa pa gulu ndinawafufutiratu pa seva, mothamanga, osaganiza kuti mwini wake sanawalandire. Ine sindinawamvetsere. Ndafufuza ndi Sarah paliponse pamene akanatsalira, sitinapeze.

Munthu amene akuwadziwa onse ndi mmodzi yekha, ndipo ali ku Thambani. Sindinamuuze kanthu.

Kinsley


Thambani
15 Ogasiti 2022

Kinsley,

Moni. Amayi ali bwino, akolola nandolo. Manachesi atha, atsala a m'mwamba okha odyedwa ndi mbalame.

Alamu ako abwera. Sanatumize uthenga. Ine ndinamva kwa mai Betty, amene anaona zonse. Akuti anatsika pikapu ya a Yakobe masana, tsiku la msika, ndi chikwama chawo cha buluu. Akanatha kutsikira pa mlatho n'kudzera kumadimba osaonedwa ndi munthu, koma anatsikira pa siteji penipeni.  Iwo anayang'ana njinga zonse n'kuloza ya mnyamata wa chipewa chofiira uja anakufunsa funso pa siteji.

"Iwe, ukudziwa kwathu?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Ndikudziwa kuti ukudziwa zambiri. Tiye."

Akuti mnyamatayo anapalasa njira yonse osatembenuka, ndipo pa chitunda sanawapemphe kuti atsike.

Anandipeza ndikusenda chinangwa. Sindinadziwe ngati ndiimirire kapena ndigwade, ndinangokhala ndi mpeni m'manja. Anaika chikwama pansi, anasamba, anadya. Kenako anati tipite kudimba akaone mitengo. Tili kumeneko anakhala pa chitsa n'kufunsa osandiyang'ana.

"Flossie, unati chiyani?"

Ndinati, "Simunamve?"

"Ndine ndekha amene sindinamve."

Mawu enieniwo ndinali nditawaiwala, kapena ndinene kuti anthu anawatafuna mpaka sindinkawafunanso. Ndinayamba movutikira, ndinanena mmene ndinathera. Nditafika poti anthu azingonenabe kuti chumba ndine, anandidula.

"Pamenepo usabwerezenso. Ndakhala ndikumva akukunena zaka zonsezi, ine ndili chete, ndikudya. Sindinkafuna n'kukayezetsa komwe."

Analira, Kinsley. Sindinawaonepo akulira. Ndinadikira, kenako ndinamaliza zotsalazo.

Usaganize kuti zonse zakhala bwino. Dzulo kutchalitchi anakhala kumbuyo ndipo anatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Pa chigayo ana ena anaimba kanyimbo ka papaya atawaona, iwo anabwerera kunyumba osagayitsa. A Eleanor sanabwere. Za mwana sitinakambe, mwina tidzakamba. Abwerera ku Moatize kumapeto a mwezi wamawa, koma makina owotcherera aja awatulutsa, akukonza geti ya khola.

Pa Tamvani ndinachoka ndipo sindibwererapo. Mai Betty akuti ikuyenda bwino tsopano, ndiye uthokoze Sarah m'malo mwanga.

Amayi akufuna ubwere pa mwambo wokumbukira bambo mwezi wamawa. Ndinafunsa alamu ako, anati, "Abwere, adzandigwirire zitsulo." Ine sindinakonzeke kukuyang'ana kumaso, ndipo mwina tsikulo ndidzangokupatsa moni basi. Koma usakafikire kwa amalume. Bwera kunyumba.

Mlongo wako,
Flossie